Chisanu Chili ndi Mapewa

Sauna yathu yakale inapendekeka pang'onopang'ono,
chala chimodzi chaka chilichonse,
mpaka madzi a m'ndowa anayamba kutsamira kumpoto
ndipo chitseko chinkafuna phewa kuti chitseguke.
Mayi anabadwira mmenemo, mu Januwale wina wamdima,
n'chifukwa chake tinaipirira.
Chaka chatha mtanda wapansi unanyenyeka m'manja mwanga
ngati buledi wogonera.

Kuno ku Kuhmo nthaka sigona tulo.
Madzi akalowa m'dongo n'kuundana
dongolo limafufuma usiku,
limanyamula nyumba osapempha,
ndipo mu Meyi limaitula
pamalo ena, osati pomwe linaitenga.

Kalervo wa kutsidya kwa msewu anati, thira konkire,
yokhuthala, ya zitsulo m'kati,
uiyalire zotchinga kuzizira kunsi kwake.
Anatchula mtengo, ine ndinakhosomola.
Mchemwali wanga Tuovi anaimba foni ali ku Oulu:
kuli mizati yachitsulo yolowa pansi mozungulira,
amuna awiri ndi makina, pofika masana atha.
Wa kusitolo ya matabwa anangoti
miyala ya kwale, uisinje bwino, basi,
kenaka n'kutembenukira kwa kasitomala wina.

Aliyense ankanena zoona za pabwalo pake.
Pabwalo panga panalibe wondiyankhira.

Ndiye mu Seputembala ndinatenga ndodo yachitsulo
ndi kuyamba kufunsa nthaka ndekha.
Pafupi ndi dziwe, pamene maso anga ankafuna,
pamene ukanatuluka thukuta lili kamukamu
n'kudumphira m'madzi masitepe asanu ndi awiri okha,
ndodo inamira mpaka m'chigongono
popanda mawu. Inatuluka yotuwa, yonona.
Pansi pa mitengo ya paini inakumana ndi mizu.
Kuseri kwa shedi ya nkhuni, koyang'anizana ndi thanki ya mafuta,
inalowa chikhatho chimodzi n'kulira kuti ngwe!
mpaka mano anandiyabwa.

Thanthwe lija.
Lomwe linathyola pulawo ya bambo kawiri,
lomwe ankalitukwana potchula dzina la Mulungu ndi la mdierekezi mpweya umodzi.

Sindinakhulupirire msanga.
Ndinakhoma zikhomo zitatu, chimodzi pamalo alionse,
ndinazilemba mzere wofiira pa msinkhu umodzi,
ndi kusiyira dzinja mlanduwo.
Chipale chinazikwirira mu Novembala.
Miyezi isanu ndi umodzi ndinkasamba kwa Kalervo Loweruka,
nditakhala pa benchi lake lowongoka,
iye akuthira madzi pamiyala yotentha
n'kumandifunsa m'kati mwa nthunzi ngati ndaganiza.

Madzi atasungunuka ndinakoka chingwe.
Cha kudziwe chinali chitakwera zala zitatu
n'kuweramira kumadzi ngati choledzera.
Cha kupaini, chala chimodzi.
Cha kuseri kwa shedi, chomwe ndinachizika m'mng'alu wa mwala,
mzere wake unali pomwe ndinausiya.

Tsopano ndikupala ndere ndi fosholo,
ndikutsuka msana wa thanthwe ndi burashi.
Ndiboola mabowo asanu ndi limodzi,
ndiimika timizati tifupitifupi ta simenti,
tina totalikirapo poti mwalawo ndi wopendama,
kuti mphepo izidutsa kunsi kwa matabwa
ndi madzi osambira apeze njira yawo yotsikira.

Zenera lidzayang'ana thanki ya mafuta.
Kudziwe ndi masitepe makumi asanu ndi atatu,
ndawerenga, opanda nsapato, pa udzu wolasa.
Tuovi akuti ndapenga.

Dzulo mayi anabwera ndi ndodo yawo,
anaima pathanthwepo, anagogoda kawiri,
n'kufunsa ngati benchi lapansi lidzakhale lotsika
poti mawondo awo sakweranso.
Ndinati lidzakhala.
Anati ndisachedwe.