Mtengo Wake

Mtembo unadutsa pa Dedza Lachiwiri usiku,
palibe anaufunsa lisiti.
Katundu wake ndiye wachedwa,
masabata asanu ndi limodzi m'mbuyo mwa mwiniwake,
ndipo amutsekera m'shedi ku Kanengo
ngati munthu woyembekeza mlandu.

Ndakwera maminibasi awiri kuchokera ku Kawale.
Mphepo yakuno imanunkha fodya wa anthu ena.
Mlonda wapageti walemba dzina langa m'buku
n'kundilozera kwa ejenti, a Chinkhadze,
bambo wa mabolopeni atatu m'thumba la malaya
amene amayamba ndi "chemwali" asanatchule ndalama iliyonse.

Chemwali, fomu iyi ili ndi timabokosi.
Koyamba: wotumiza.
Ndati wotumizayo tinamuika m'manda ku Nathenje.
Ati ndiye tilemba mnzake amene anapakira.
Kachiwiri: dziko lochokera.
Ndati Lufeyo kwawo n'konkuno.
Ati ayi, tikufunsa za makinawa, osati munthu.
Tawatembenuza makina owotcherera zitsulo aja,
tawerenga kachitsulo kokhomedwa kunsi kwake,
tapeza kuti nawonso anali alendo ku Joni.

Abwera mayi a yunifolomu, a Kamtedza,
adula waya wachidindo ndi pulayala,
ayamba kuwerenga mokweza, osandiyang'ana.
Makina amodzi.
Galainda imodzi, chingwe chake cholumikiza ndi tepi.
Chipewa cha galasi lakuda.
Maovolosi awiri, ena opsa pabondo.
Nsapato zachitsulo kumphuno,
yakumanzere yotha chidendene
chifukwa ankakoka mwendo umenewo
chigwereni mumtengo wa mango tili ana.
Fomu ilibe kabokosi ka zimenezo.

Mtengo wake?

Lisiti palibe, mayi.
Ati popanda lisiti timafanizira ndi ena otero
n'kuchotserapo ukalamba wake.
Ine pakamwa panadzaza kale yankho:
zaka zisanu ndi zinayi,
amuna asanu m'chipinda chimodzi,
kukhala chete m'sitima kuti chilankhulo chisakupereke,
chifuwa chimene pafoni ankati n'chimfine chabe,
ndi shopu ya ku Mchesi
yomwe anajambula kuseri kwa kalendala,
zitseko ndi mawindo zitatsamira khoma lomwe silinamangidwe.
Ndameza.
Kompyuta imadya manambala okha.

A Kamtedza agawa milu iwiri pansi.
Uku zovala za munthu, zotha kale, zipite.
Uku zida zantchito, zilipire msonkho.
Anyamula chipewa cha galasi chija
kuti achiponye ku mulu wa zida,
ndiye aona mkati mwake
zilembo za penti yoyera, zopendekeka:
ZA YESAYA AKADZAKULA.

Afunsa, Yesaya ndani?
Ndati ali Sitandade 4.
Achigwira kanthawi, achipukuta ndi mkono wa malaya.
Ati ichi n'chipewa.
Chipewa n'chovala.
A Chinkhadze atsegula pakamwa, atsekanso,
afufuta mzere umodzi.

Zotsalazo sizinachite manyazi.
Msonkho wa makina, msonkho wa pamwamba pa msonkho,
ya ejenti,
ndi lendi ya shedi yowerengedwa tsiku ndi tsiku,
pakuti ngakhale katundu wa malemu
sagona ulere m'tauni muno.
Ndaima pamzere kubanki mpaka mapazi kutupa,
ndamasula pamfundo ngongole ya banki m'khonde,
ndabwerera ndi kapepala kopepuka kuposa tsamba.
Chidindo choyamba. Chachiwiri.
Wachitatu anapita kukadya, tamudikira.

Cha m'ma folo mlonda uja wawerenga pepala,
wasuzumira m'kalole kahayala,
wakweza chitsulo chapageti ndi dzanja limodzi.
Dalaivala ati ndikhale kutsogolo, ndakana.
Ndakhala kumbuyo ndi makinawo,
kuwagwirira pamabampu onse
monga tikanamugwirira mwiniwake popita kuchipatala
akanadwalira kuno.

Tikufika pa Area 18 mvula yayamba kuwaza.
Ndavula chitenje chapamwamba,
ndawafunditsa.