Chilembo Chimene Chinathyoka

Bambo anga, Twaibu Kalimanjira,
anali kalaliki pa boma la Kota Kota.
Masana ankalemba mayina a osakhoma msonkho,
mudzi ndi mudzi, m'kaundula wachikuto chofiira.
Usiku ankalembera anthu omwewo
pa taipilaita imene mzungu anataya kuseri kwa ofesi
poti chilembo cha f chinaguluka ngati dzino.

Ndiye liwu lija linkatuluka lopunduka:
u ulu.
Ntchito yanga, ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri,
inali kudzaza mpatawo ndi pensulo,
tsamba ndi tsamba, makumi anayi usiku umodzi,
koloboyi akundidetsa m'mphuno.
Ndinadziwa f ndisanadziwe kulemba dzina langa.

Mapepala ankayenda m'matumba a mpunga,
ena pansi pa chishalo cha njinga ya Mdala Sumani,
ena m'nduwira ya mayi wogulitsa zitumbuwa
amene sankatha kuwerenga
koma ankadziwa kuti wasenza moto.

Anawagwira Lachinayi, akumeta ndevu.
Anapita tsaya limodzi lili ndi thovu.

Kundende anaphwanya miyala miyezi khumi ndi isanu.
Unyolo unawadya kakolo wakumanzere,
bala lake silinapole, linkangogona,
n'kudzuka mvula ikayandikira.
Atawatulutsa anawauza kuti boma lino asalipondenso.
Anakakhala ku Mbeya, m'kachipinda ka telala,
akuphunzitsa ana a eni ake masamu,
akupempha makobiri kwa amatchona,
akulemba, akulemba.
Makalata awo ankafika atatsegulidwa kale.
Za dziko masamba atatu,
za ife mizere iwiri kumapeto.

Mayi ankawapinda n'kutsekera ming'alu ya chitseko.
Ankati, dziko lili ndi amuna ambirimbiri,
ine ndinali naye mmodzi.
Sindinawatsutse. Sindiwatsutsa ngakhale lero.

Anabwerera mozemba, chaka cha chipolowe,
atavala jekete lakuda lobwereka.
Anzawo anati, inu khalani kumbuyo,
dzanja lanu ndi la inki,
mwala simutha kuponya.
Anakana. Anati ndaitana ana a anthu ndi mawu anga,
ndikabisala mawuwo asanduka bodza.
Tsiku lachitatu, pa mlatho wamitengo,
munthu wotsimphina anali patsogolo pa onse
chifukwa chabe sakanatha kuthawa,
kapena sanafune, sindidziwa.
M'thumba anawapeza ndi kalata yosamaliza.
Inathera pa mawu akuti "ndipo ukauze".
Ndikauze yani? Chiyani?
Zaka zonsezi ndakhala ndikuyenda ndi uthenga wopanda mutu.

Chaka chatha mdzukulu wanga Ndaziona
anadzitema ndi chikwanje m'munda wa nzimbe ku Dwangwa.
Amene anamusoka anali dokotala wa ku Cuba,
mayi wamfupi, Chichewa chake chothyokathyoka.
Podikira ulusi ndinamusimbira za bambo.
Anaika lumo pansi.
Anati kwathunso ndi nzimbe zokhazokha,
ndipo alembi ofera dziko ife timawaumbira zipilala,
ana asukulu amaloweza mawu awo.
Anafunsa, chipilala cha bambo anu chili kuti?

Ndinaseka mpaka kutsokomola.
Manda awo anamera chitedze.
Taipilaita ilipo, imatchinjiriza chitseko cha khola,
nkhuku yamawanga imakonda kugona pamenepo.

Koma liwu lija ndimaliona ponseponse masiku ano,
pa nsalu za chipani, pa zikwangwani,
pa mabasi opita ku Lilongwe,
lathunthu, losindikizidwa bwino, palibe chosowa.
Ndimaima n'kuliyang'anitsitsa.
Ndaziona amati, agogo tiyeni, dzuwa.
Sadziwa kuti chala changa chikuyabwa,
chikufunafuna pensulo,
chifukwa ine ndimaonabe mpata
pakati pa u ndi u,
ndipo sindinauzidwe kuti ntchito ija inatha.