Masentimita Makumi Atatu

Folo koloko m'mawa, mwezi wa Januwale,
nsanjika yachisanu, moyang'ana pokwerera makombi ku Copacabana.
Jenereta ikutsokomola pansi.
Ine Esinati Kapalamula wa ku Mufakose
ndikugwetsa chipale pa phiri la eni.

Phirilo sindinalionepo.
Dzina lake limandipinda lilime.
Akuti kumeneko anthu amalipira kuti akagwe,
amamanga matabwa kuphazi
n'kumatsetsereka ngati ana pa chulu chonyowa.
Yanga ndi nambala basi:
mlonda wa kumtunda amawerenga ndodo yake yozika,
amatumiza, ine n'kulemba.

Lero watumiza khumi ndi awiri,
onyowa, pansi pake pali gwa.

A Gwatidzo aima kumbuyo kwanga,
fungo la khofi ndi sopo wometera.
Lero Lachisanu, mwana wanga.
Lachisanu chipale chimakula.
Lemba makumi atatu.
Mphepo imaunjika kuseri kwa mwala,
ukayeza pamenepo, bodza lili pati?
Zipinda za hotela sizidzaza zokha.

Ndalemba.
Chala sichinanjenjemere n'komwe,
ndipo n'zimene zikundiwawa.

Bambo anga anayeza mvula ku Belvedere
zaka makumi awiri ndi zisanu.
Eyiti koloko, kabotolo m'manja,
ankagwada kuti diso lilingane ndi madzi.
Chaka cha chilala, chimanga chikupsa chili chiimire,
analemba ziro, ziro, ziro,
tsamba lonse mazira osaswa.
M'basi anthu ankawakoka jekete:
tatiuzaniko zabwino, a Kapalamula.
Iwo amvekere: mvula ya m'buku simeretsa.
Penshoni yawo inagula buledi muwiri
ndi machesi.

Masana lamya yalira.
Mawu aamuna, akutali ngati ali m'chitsime.
Wayendetsa galimoto maola asanu ndi limodzi,
ana awiri kumbuyo,
wamng'onoyo wagona atavala magolovesi.
Apeza udzu wofiira, miyala yosuzumira,
kanjira koyera kopyapyala ngati sopo wotsalira.
Makumi atatu aja ali kuti?

Ndikuwerenga pepala lomata pakhoma:
pepani kwambiri, nyengo ya m'mapiri imasintha.
Koma pakhosi pali mawu ena.
Khumi ndi asanu ndi atatu enawo ali kuno, bambo,
agwera ku Harare,
ndawanyamula m'kachikwama.
Ena ndi a lendi, ena a fizi,
ena a mnyamata wa pa mjigo amene amandisungira malo pa mzere.
Musadandaule, nawonso asungunuka
sabata isanathe.

Sindinanene. Ndamufunira ulendo wabwino.
Mwana amalira chapatali
m'chinenero chimene sichifuna womasulira.

Madzulo kombi ikusambira m'maenje,
kondakitala akulumbira kuti malo alipo, alipo,
tili kale anayi pa mpando wa atatu.
Ndamuyang'ana ngati mnzanga wa ku ntchito.

Mvula yakata, magetsi abwera mwangozi,
ngumbi zaunjikana pa babu la pakhonde.
Zikuzungulira, zikuvula, zikugwa,
mapiko ali mbuu pa simenti,
opepuka, osamveka pofika pansi.
Yankho watuluka ndi rula ya kusukulu,
yolumidwa kumapeto.
Amayi, chipale chanu chija chimagwa chonchi?

Kaya, mwanangu. Mwina. Tayeza.

Wagwada,
tsaya pafupi ndi simenti, diso limodzi chotsinzina,
kagwadidwe ka agogo ake amene sanawaone.
Wakhala nthawi, akupuma pang'onopang'ono
kuti mpweya usamwaze muyeso.

Theka la sentimita.

Basi? Osawonjezako pang'ono?
Lero Lachisanu.

Wandiyang'ana ngati ndayankhula chizungu cha m'mapiri.
Ndiwonjeze chiyani, amayi?
Zagwa ndi zomwezi.

Alamu yanga ili pa hafu thuu.
Ndasiya tsache kuseri kwa chitseko,
khonde ndisesa mawa.