Dzina Langa Likadali pa Mndandanda

Faifi koloko m'mamawa, Toledo akadali m'tulo,
ife tili kale pabwalo la koleji,
mpweya ukutuluka m'kamwa ngati utsi,
majombo akuswa chipale chimene chaundana usiku.
Sajeni Brubaker akuwerenga: wani, thuu, wani, thuu.
Ine ndikuwerenga zina:
madola zikwi khumi ndi zinayi a temu ino,
masabata asanu ndi awiri opanda yankho.

Anati Januwale. Kenako anati Febuluwale.
Tsopano akungoti, "Aphungu sanamvane za bajeti,"
ngati akunena za mvula ya kudziko lina.

Delphine wa m'chipinda mwathu, yake inafika Lachiwiri.
Anakuwa, ndinamukumbatira,
kenako ndinakadzitsekera m'bafa
n'kutsegula mpopi kuti madzi andibisire mawu.

Bambo anaimba ali mu lole, kwinakwake ku Nebraska:
"Renata, zikavuta tigulitsa bwato lija."
Bwato limene akhala akulikhoma zaka zisanu ndi chimodzi,
loti silinalawepo madzi.
Ndinati ayi. Foni inaduka pamlatho.

Mumtima ndinalumbira kale
kupereka zaka zinayi za moyo wanga,
mwinanso magazi.
Iwo akusinkhasinkhabe
ngati angandigulire mabuku.

Usiku uno ndasita yunifolomu,
mzere wa thalauza wathwa ngati lumo,
paphewa palibe kanthu.
Foni ndaiika chafufumimba patebulo.
Ndaitembenuza.
Ndaiikanso chafufumimba.
Alamu ili pa hafu folo.