Kaiti ya Zuze

Mlongo wanga anatsika pa kabaza kuchokera ku Marka,
zaka zinayi za ku Vilankulo zitakwana m'chikwama chimodzi.
Ife tinkadikira malata.
Iye anatambasula pabwalo chinsalu chofiira
chotalika kuposa khonde lathu,
zingwe zopiringizana, ndi kathabwa
koti ngakhale khola la abakha sikangatseke.

Akuti kunyanjako mphepo ndiye kapitawo.
Anthu amadzuka, kunyambita chala, kuloza kumwamba;
ikakana, amagona pamchenga tsiku lonse
popanda wowatcha aulesi.
Iye ankapopa makaiti a alendo,
kuwamanga malamba m'chiuno,
kuwavuula akamwa mchere.
Iyi anam'patsa itang'ambika
m'malo mwa malipiro a miyezi iwiri.

Ndinaisoka ine, ndi ulusi wa thumba la feteleza.

Mwera wa Julaye utayamba kuweramitsa bango
tinapita ku dambo la Ndinde.
Asodzi anasiya kukonza maukonde.
A Alufandika anangoti, ng'ona za kuno
sizidziwa kuti awa ndi masewera.

Chinsalu chinagona, chinakwawa, chinatsokomola,
kenako phuu!
Zingwe zinalira ngati udzudzu wa m'khutu
ndipo Zuze, mwana wa mayi anga,
amene ndinam'bereka kumsana akudwala chikuku,
anaima pamadzi.
Anadutsa bwato loyamba. Lachiwiri.
Akakowa anabalalika.
Ndinawerenga mpaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri
namasupuni asanagwire thabwa.
Anatuluka ali matope okhaokha, dzino limodzi palibe,
akuseka,
kaiti ili pakakaka pa mgwalangwa.

Lero ndi denga la benchi yanga pamsika wa Nsanje.
Milamba youma imaoneka yofiirira pansi pake,
ogula amati ndi yonona.
Zuze amapalasa kabaza, makobiri ake ndimasunga ndine.
Ana a mpingo wathu atha majumbo onse
ndi ulusi wa m'masaka,
mlengalenga mwa Chiphwembwe muli zinyalala zouluka.

Koma masana ena, fumbi likadzuka cha kumwera,
dengali limafufuma,
mitengo inayi imanjenjemera m'maenje ake,
ndipo ine, mayi wa ana atatu, wa ngongole ku banki m'khonde,
ndimagwira chingwe cha pangodya
ngati ndikuchilimbitsa.
Chimandikoka pang'ono m'mapewa.
Sindifulumira kuchisiya.