Mbale Yachisanu

Ndimayatsa injini kudakali bii,
galasi lakutsogolo litagwira chisanu
chomwe ndimapala ndi khadi lakale la kubanki.
Dzuwa la masiku ano ndi munthu wangongole:
limabwera mochedwa, silikuyang'ana m'maso,
ikamakwana folo koloko lazemba kale.

Adokowe anachoka mu Ogasiti osatsanzika.
Chisa chawo chatsala pa mtengo wa magetsi
ngati chipewa choiwalidwa pamaliro.

Pa siteji yoyamba amakwera Ugnė ndi mlongo wake,
mphuno zili psuu, matumba atatupa ndi maapozi.
Chaka chino mitengo yabereka mopanda manyazi.
Pageti lililonse, kuchokera ku Kavarskas mpaka ku Anykščiai,
pali katoni yolembedwa kuti tengani,
koma atenge ndani? Aliyense ali ndi ake
akuwolera pa udzu,
mavu omaliza anafera pomwepo ataledzera.

Masamba anapsa osaona moto,
achikasu, ofiira, ena ngati dzimbiri,
kenaka mphepo ya Lachiwiri inawakolola onse usiku umodzi.
Tsopano ali nyowee pamsewu, oterera ngati sopo,
ndipo ndimatsika chitunda cha kutchalitchi mtima uli m'mwamba,
miyoyo makumi awiri ndi itatu ikuimba kumbuyo kwanga
nyimbo ya Khirisimasi yomwe angoyamba kuphunzira,
aliyense liwiro lake, palibe wodikira mnzake.

Masana ndimawaza nkhuni.
Mayi Genovaitė, akutsendera kabichi ndi mchere mumgolo,
amandifuulira pampanda kuti bondo lawo lanena:
chipale chigwa sabata isanathe.
Bondo limenelo linanama chaka chatha.
Komabe matayala ndasintha.

Dzana tinakayatsa makandulo kumanda, mudzi wonse,
mpaka kaphiri kaja kanawala ngati tauni.
Ndinasesa masamba pa dzina la Ramunė,
ndinamuuza za mtengo wa dizilo,
za bowa amene ndayanika pa ulusi pamwamba pa chitofu
(ndinadula mokhuthala, akanandiseka),
ndi kuti Jurgita walemba kuchokera ku Bergen:
matikiti akwera, bwana wa kufakitale ya nsomba sanayankhe,
koma mwina, bambo, mwina pa 23.

Mwina ameneyo ndamupachika pamsomali wa kalendala.
Ndimagona naye, ndimadzuka naye.

Patebulo la usiku wa Khirisimasi
pamayenera kukhala zakudya khumi ndi ziwiri, popanda nyama.
Ine ndimadziwa kuphika zinayi.
Kabuku ka malemu kali m'dilowa, kothimbirira mafuta,
penapake analemba kuti uchi pang'ono,
osanena kuti pang'onoyo amalekeza pati.
Ndayamba kuyeserera Lamulungu lililonse.
Galu wanenepa.

Udzu wouma woyala pansi pa nsalu ya patebulo
ndasunga kale m'thumba la shuga.
Mbale ndatsuka zisanu:
yanga, ya Jurgita, ya mwamuna wake wosayankhula uja,
ya kamdzukulu kamene kamandipatsa moni pafoni
m'chinenero chomwe sindimva,
ndi ina ija timaika pamalo opanda munthu,
supuni pambali pake, kandulo pakati,
ndipo palibe amafunsa kuti n'ya yani.

Kwatsala masabata asanu ndi awiri.

M'mawa uno Kasparas wa m'kalasi yoyamba
anapumira mpweya pawindo n'kujambula nyenyezi ndi chala,
nandifunsa ngati basi nayo imapita kutchuthi.
Ndinati imagona m'shedi, imalota misewu.
Iye anati, yokha? Ndiye imasungulumwa.
Sindinamuyankhe. Ndinasintha giya,
ndinaimika pang'ono kuti thalakitala ya Rimvydas idutse,
ndipo tinthu toyera ngati nthenga, tiwiri, titatu,
tinatera pagalasi, phee, n'kusungunuka.
Ana anasiya nyimbo pakati.

Madzulo ndikawapepese Mayi Genovaitė
ndi botolo la mafuta opaka pabondo.