Theka la Mutu

Magetsi athawa ndili pakati pa mutu wa Gelevazio.
Kumanja kwayera ngati bwalo lopunthira nyemba,
kumanzere kudakali tchire la mwezi wa Malichi,
ndipo mawa ali ndi chinkhoswe ku Mtunthama.
Makina angoti zii m'dzanja langa.
Iye akuyang'ana galasi, ine ndikuyang'ana babu.
Sizasi anabwereka telala wa pakhomo linalo,
naye watseka, wapita kukasaka madzi.

M'tauni muno wosunga nthawi ndi mmodzi yekha:
Dailesi wa kukhonsolo, ndi kabuku kake ka matikiti.
Mvula igwe, dzuwa liswe mtengo,
iye wafika. "Odi kuno, za lero."
Ndamuuza kuti lero ndameta theka la munthu.
Akuti tikiti ilibe theka.

Ndalipira.
Ndabaya kapepalako pa msomali wa kuseri kwa chitseko,
pamwamba pa anzake a zaka zisanu ndi chimodzi.
Msomali woyamba unadzaza, ndinakhoma wachiwiri.
Pamisomali imeneyo pali ngalande yomwe sinakumbidwe,
pali chimbudzi cha msika chomwe kiyi wake
anapita ndi mlonda amene anapuma ntchito,
pali thirakitala ya zinyalala
yomwe ana obadwa dzana amaiyesa nthano.
Mulu wa kuseri kwa depoti wamera maungu,
wayanga, wabala, tadya.
Mlendo akafunsa njira timati,
"Mukafika pamulupo, mukhotere kumene kukuchokera ntchentche."

Kwathu ku Chankhanga mpopi umatsokomola
tambala woyamba asanalire,
ngati nkhalamba yofuna kunena mawu omaliza,
kenako n'kusintha maganizo.
Mkazi wanga Nasiwelo amagona khutu limodzi lili panja,
zigubu zili pamzere ngati odwala kuchipatala.
Koma mita siigona ayi.
Imawerenga mpweya,
ndipo bilu ya mpweyawo imabwera itasindikizidwa bwino.
Ndinapita nayo kuofesi.
Lolemba anati netiweki yavuta.
Lachitatu anati bwana ali kusemina ku Mponela.
Lachisanu ndinapeza jekete lili pampando,
likugwira ntchito lokha.

Dzenje la pamsewu wathu lili ndi eni ake tsopano.
Anyamata amalikwirira ndi dothi m'mawa,
n'kutambasula chipewa kwa aliyense wodutsa.
Pofika madzulo lauka kwa akufa.
Wakabaza anagwetsapo thireyi ya mazira,
wina chala chikadali chomanga nsanza.
Khansala wathu anakhalapo pampando uwu nthawi ya kampeni,
ndinamumeta ulere, ndikumupukuta khosi,
akundilonjeza nyale za mumsewu mpaka ku Chitete.
Masiku ano amadutsa atakweza magalasi akuda.
Nkhongo yake ndimaidziwa kuposa nkhope.

Dailesi sanachoke.
Waima pakhomo, akupukuta thukuta ndi kabuku kaja.
Akuti, "Akayaka mundiikireko foni,
kwathu lero ndi tsiku lachitatu."
Nsapato yake yang'ambika kuchidendene.
Ndasowa womutukwana.

Gelevazio ndamubwereka kapusi yanga.
Watuluka chogwira mutu ngati wanyamula dzira,
phiri la Kasungu likumuyang'ana osanena kanthu,
monga limachitira ndi tonsefe.

Usiku, mwezi utapendama,
babu yomwe ndinaiwala kuzimitsa yandimenya m'maso.
Ana a moyandikana akuwa ngati chalowa chigoli.
Ndamuimbira: "Thamanga, abwera!"
Ndatsegula shopu ndi malaya ogonera,
iye wafika pakabaza, kapusi ili m'manja,
ndipo makina akulira ngati njuchi yopeza duwa
foni yanga ikulira nayo.
Nasiwelo.
"Mpopi watsegula pakamwa, uli kuti? Zigubu!"

Ndagwira makina dzanja ili, foni dzanja ilo.
Kwatsala kachigamba kuseri kwa khutu.
Babu yaphethira kamodzi.
Tonse awiri tasiya kupuma.